Maliro Anga pa Bua, Ragibi ku Dwangwa

Tinapangana kunyamuka sikisi koloko m'mawa. Tinanyamuka 7:42. Nthawiyi ndikuidziwa chifukwa ndinailemba m'kabuku, monga ndinkalembera chilichonse masiku amenewo, kuyambira nambala ya galimoto mpaka mtengo wa nthochi. Linali Loweruka, mu Seputembala 1995, ndipo ndinali nditatha miyezi itatu ndili katswiri wa ragibi.

Ukatswiriwo unabwera motere. Zipani zitachuluka, manyuzipepala nawonso anachuluka, ndipo ine ndinalembedwa ntchito pa ina ya masamba asanu ndi atatu ku Lilongwe, imene inkatuluka Lachisanu ngati makina osindikizira sanafe. Mu Juni chaka chimenecho, dziko la South Africa litapambana mpikisano wa ragibi wa dziko lonse, mkonzi wathu anafunsa ngati panali wodziwa masewerawa. Onse anayang'ana pansi. Ine ndinangoti mpira wake umaoneka ngati dzira. Basi, ntchito inakhala yanga. Ndinabwereka buku ku laibulale, ndinaliwerenga masiku atatu, n'kuyamba kulemba ndime mlungu uliwonse. Mpira weniweniwo ndinali ndisanaugwirepo.

Owerenga ndime yangayo amene ndinakumana nawo maso ndi maso anali mmodzi yekha: a Malunga. Anabwera ku ofesi atanyamula zolemba zanga zonse zodula ndi lumo. Anali bambo wamfupi, wa imvi, wovala tayi ndi chipewa ngakhale dzuwa liswe mtengo. Anagwira ntchito zaka zambiri m'makalabu a azungu, poyamba ku Thyolo kenako ku Lilongwe, kuchapa majezi ndi kuperekera zakumwa. Atapuma anayambitsa timu yawoyawo ya ragibi: onyamula mabelo a fodya, alonda awiri, makaniki wa njinga, mphunzitsi mmodzi. Anaimenyera nkhondo mpaka inalowa mu ligi, imene matimu ake ukanatha kuwawerenga ndi zala za dzanja limodzi.

Vuto lawo linali ili. Lamulo la ligi linkati timu ikalephera katatu kufika pabwalo la anzake, ichotsedwe. Iwo anali atalephera kawiri chifukwa chosowa galimoto. Loweruka limenelo ankayenera kukasewera ndi timu ya pa esiteti ya nzimbe ku Dwangwa, fili koloko masana, ndipo akachedwa ndi mphindi makumi atatu refa amangoliza wezulo, eni bwalo n'kupambana osasewera. Anandipempha kuti ndiwaperekeze, poti timu yoyenda ndi mtolankhani siinyozeka. Ndinavomera. Sindinawauze kuti msewu umenewo umadutsa kwathu, pafupi ndi mlatho wa Bua, kumene ndinali ndisanapondeko zaka zinayi ndipo makalata awiri a azakhali anga ndinali ndisanawayankhe.

Chinatichedwetsa m'mawa ndi Lufeyo, kaputeni, amene ankadikira kuti womulandira ntchito afike. Atabwera ndinamvetsa chifukwa chake sitikanamusiya. Polowa m'basi anachita kupendekeka kuti mapewa akwane pakhomo, ndipo atakhala pansi basiyo inatsamira mbali yake. Tinalimo osewera khumi ndi asanu ndi awiri, a Malunga, ine, ndi dalaivala, a Jailosi, amene basi yaing'onoyo anaibwereka kwa mlamu wawo. Mipira inalipo iwiri. Umodzi unkatuluka mpweya.

Potsetsereka mapiri opita ku Salima ndinaona kuti anthuwa akufunika maphunziro. Ndinatembenuka pampando, n'kuwafotokozera kuti masewerawa anatenga dzina la tauni ina ya ku England, kumene amati mwana wasukulu ananyamula mpira m'manja n'kuthamanga nawo, ngakhale buku langa linkakayika ngati zinachitikadi. Ndinawauza kuti mu 1895 makalabu a kumpoto kwa England anapatuka chifukwa cha nkhani yolipira osewera, n'kuyamba mtundu wina wa ragibi, umene pano amasewera anthu khumi ndi atatu mbali iliyonse, pamene wathuwu ndi wa khumi ndi asanu. Ndinawonjeza kuti mwezi wapitawo akuluakulu a masewerawa anali atavomereza kuti osewera azilipidwa. Apa pokha ndi pamene anthu anadzuka. Lufeyo anafunsa ngati nkhaniyi a Malunga anaimva, ndipo basi yonse inaseka.

A Malunga sanaseke. Anandifunsa mwaulemu ngati buku langalo linanenapo za Thyolo. Ndinati ayi. Za Zomba? Ayi. Ndiye anayamba kufotokoza okha, ndipo ine ndinatsegula kabuku. Ankati m'masiku a atsamunda azungu a m'minda ya tiyi ankasewera ndi a m'mabanki ndi a m'maofesi a boma, ndipo munthu wakuda ankafika pabwalo ndi thireyi ya malalanje oduladula panthawi yopuma, osapitirira apo. Iwo malamulo anawaphunzira ali chiimire ndi thireyiyo. Azungu atayamba kuchepa, matimu ankasowa munthu mmodzi kapena awiri, ndipo ankaitana wogwira ntchito aliyense wothamanga kuti akaime kumapeto kwenikweni kwa mzere, kumene mpira sufika kawirikawiri. Umu ndi mmene a Malunga anasewerera koyamba, atavala nsapato za bwana wawo zothithikiramo nyuzipepala. Atatha masewero anabwerera kukatsuka matambula a anthu omwe ankasewera nawowo. Chikho chimene makalabu ankalimbirana anachipukuta zaka zambiri, moti ankadziwa pamene chinatiwanika, koma sanamweremo.

Ku Salima tinafika 9:55. Wapolisi wa pa lodibuloko anaona mpira, anautembenuza kawiri, n'kufunsa ngati tikukaubweza kumene tinaugula. Pa Benga tinaima kuti a Jailosi athire madzi mu injini, ndipo anthu atationa titavala zofanana anathamangira kudzafunsa kuti ndife a chipani chiti ndipo malaya tikugawa nthawi yanji. Majezi athu anali ofiirira ngati phala la mawere. A Malunga anawasankha pa kaunjika chifukwa mitundu yonse yooneka bwino zipani zinali zitalanda. Mayi wina wogulitsa chinangwa chophika anati chipani cha mtundu umenewo sichingawine, ndipo tinamugula chinangwa chonse.

Pa boma la Nkhotakota tinafika 12:35. Osewera athu awiri achisilamu anapita kukaswali, ena anabalalika kukafuna nsomba zokazinga ndi zitumbuwa. Ine sindinatsike. Ndinakhala mpando wakumbuyo nditatsegula nyuzipepala yathu kumaso, chifukwa pa depoti imeneyo munthu mmodzi mwa atatu alionse akanatha kunditchula dzina ndi la agogo anga lomwe. A Malunga anandiyamikira kuti ndimakonda kuwerenga. Kutsogolo kunatsala mtunda wa ola limodzi, ndipo tinanyamuka wani koloko itangokwana. Aliyense anali wosangalala. Anayamba kuimba.

Tinawoloka mlatho wa Bua 1:17. Ndinatsetsereka pampando mpaka mutu unabisika. Patangopita mphindi zitatu, pansi pa basi panamveka kuti phwa, kenako fungo la labala wopsa. A Jailosi anaimitsa pambali, pamalo pamene msewu umakhota pang'ono, ndendende pamene kanjira ka kumudzi kwathu kamatulukira. Anatsegula injini n'kutulutsa fanibeluti, lamba wozunguza chopemerera injini, ataduka pakati. Wapadera analibe. Anati ayesa kulumikiza ndi waya, koma wina aike masamba pamsewu kuti galimoto zina zisatigunde.

Ndinadzipereka. Ulendo wonse ndinali ndisanachite chilichonse chothandiza, komanso ndinkafuna kuchoka pamaso pa kanjirako. Aliyense wobadwira m'dziko lino amadziwa kuti masamba a pamsewu ali mitundu iwiri. Galimoto ikafa, umaponya tinthambi apa ndi apo motsatira mbali imene yaimayo. Pakagwa maliro, umayala masamba mzere umodzi kudula msewu wonse, uku ndi uko kwa mudzi. Ndinkazidziwa zimenezi ndisanadziwe kulemba dzina langa. Koma tsiku limenelo m'mutu mwanga munali England yekhayekha, ndipo tinthambi tomwazikana tinkaoneka ngati ntchito ya munthu wosaphunzira. Ndinawerenga mapazi makumi asanu ndi awiri kuchokera pa basi, kuseri kwa khonako, ndipo ndinayala nthambi zaziwisi za mango mzere woongoka bwino kuchokera m'mphepete kufika m'mphepete. Ndinachitanso chimodzimodzi kutsogolo. Ndinaimirira n'kuyang'ana ntchito yanga, ndipo inandisangalatsa.

Nditabwerera ndinapeza a Jailosi atalowa kunsi kwa basi, ndipo a Malunga atatengera anyamata awo pa kabwalo ka pansi pa mtengo kuti miyendo isaume. Ankayeserera kugwetsana. Ndinaonerera kanthawi, kenako ndinauza Lufeyo kuti malinga ndi buku, mutu wake akuuika molakwika pogwetsa munthu. Iye anandipatsa mpira, n'kundipempha kuti ndimuthamangire kuti aone pamene akulakwitsapo. Uku kunali kugwira kwanga koyamba mpira wa ragibi. Ndikukumbukira kuti unali wokhakhala kuposa mmene ndinkaganizira. Ndikukumbukiranso kuti ndinathamanga masitepe anayi.

Zotsatirazi ndinachita kuuzidwa. Akuti anandinyamula n'kundigoneka pamthunzi m'mphepete mwa msewu. A Malunga anali ndi nsalu yoyera ya pabedi imene ankaing'amba kuti azimangira mabala. Anainyowetsa n'kundifunditsa kuyambira kumutu chifukwa cha ntchentche ndi kutentha. Anavula chipewa kuti azindikupizira. Anyamata khumi ndi asanu ndi awiri anandizungulira atazyolika, kuyang'ana ngati ndikupuma, ndipo Lufeyo anali atagwira m'mutu. Panthawi imeneyo panadutsa pikapu yopita kumpoto, ikuyenda pang'onopang'ono kwambiri. Palibe anaiimitsa. A Jailosi anangoona matayala ake ali kunsi kwa basi.

Chimene ndinayamba kumva ndi kulira. Ndinkayesa ndi m'makutu mwangamu. Kenako ndinamva mawu a amayi ambiri, mapazi, ndi munthu wina akufunsa motsitsa ngati womwalirayo ndi Msilamu, kuti adziwe ngati atumize anthu kukatenga jeneza, chonyamulira maliro, ku mzikiti lisanalowe dzuwa. A Malunga ankayesa kufotokoza koma mawu awo sankamveka. Ndinadzuka n'kukhala tsonga, nsalu yoyera ikutsika kumaso.

Sindinaonepo anthu akubalalika mwa liwiro lotere. Ena anagwera m'munda wa chinangwa. Bambo wina amene anali atatsika panjinga mwaulemu anaisiya pomwepo. Amene sanasunthe anali mayi mmodzi wamtali wovala mpango wobiriwira, ndipo anandiyang'ana nthawi yaitali.

“Saidi,” anatero. “Zaka zinayi osalemba ngakhale kalata, lero wabwera kudzafera pa msewu?”

Anali azakhali. Ndinawapatsa moni ndili chikhalire pansi. Anandifunsa amene anayala masamba, ndipo maso onse a timu anatembenukira kwa ine. A Malunga anayenda mpaka pakhona paja, anaona mzere wanga woongoka uja, n'kubwerera. Inali 2:05.

Anthu atayamba kubwerera, ena akuseka ena atakwiya, ndinaona kuti panali mmodzi amene sankaseka konse. Mayi wachitsikana anali atakhala pa phula penipeni, miyendo ili matope mpaka m'maondo. Azakhali anandiuza kuti ndi mwana wa a Bwanali, amene anali chigonere kwa miyezi iwiri. Mayiyo anali ku dimba kumtsinje pamene wina anamuuza kuti panjira ya kumudzi payalidwa masamba, ndipo anathamanga njira yonse akulira bambo ake. Amuna anayi anali atafika kale ndi makasu.

Pa gululo panalinso a Shehe a m'mudzimo, munthu wowonda, wofatsa, woyenda ndi ambulera. Anandiphunzitsapo ku madrasa, ndipo anandikumbutsa zimenezo pamaso pa onse. Anati nkhani si yaikulu, koma masamba ndikachotse ndekha, kenako ndipite kunyumba kwa a Bwanali ndikapepese, chifukwa mphekesera yafika kale kumeneko ndipo wodwala sayenera kumva za maliro ake kwa anthu odutsa. A Malunga anawaonetsa wotchi, n'kufotokoza mwachidule za ligi ndi za mphindi makumi atatu zija. A Shehe anamvetsera mpaka kumapeto.

“Ndamva, bambo,” anatero. “Koma amene walira ndi uyu.”

A Malunga anayang'ana mayi uja, kenako anavala chipewa n'kunena kuti apita nane, popeza mlendo wolakwa ndi wa amene wamubweretsa. Ndinakoka nthambi zanga imodziimodzi, nthiti zikupweteka, ana asukulu akundiwerengera. Kenako tinalowa kanjira kaja: azakhali patsogolo, mayi uja, a Shehe, a Malunga, ine pambuyo. Ndi ulendo wa mphindi khumi ndi zisanu kudutsa m'minda ya chinangwa. Panyumba iliyonse azakhali ankaima kuti anthu aone kuti ndili moyo, ndiponso kuti aone mmene ndaondera.

A Bwanali tinawapeza atagona pa mkeka pakhonde. Ndinagwada n'kufotokoza zonse. Anamvetsera maso ali otseka, kenako anafunsa kuti pamapeto pake wamwalira ndani, iwo kapena ine, chifukwa amva zonse ziwiri. Nditayankha kuti palibe, anati ndi nkhani yabwino, ndipo mwana wawo anaseka koyamba. Ndinayesa kuimirira, koma nkhalambayo inali isanathe. Inafuna kudziwa masewera amene amagoneka munthu wamkulu pansi masana. A Malunga anakhala pa mtondo n'kufotokoza: kuti mpira suponyedwa kutsogolo koma kumbuyo, kuti amuna asanu ndi atatu amakolana mapewa n'kukankhana ndi anzawo asanu ndi atatu, kuti chigoli chachikulu ndi kugunditsa mpira pansi kuseri kwa mzere. A Bwanali anafunsa kuti ngati ukufuna kupita kutsogolo, n'chifukwa chiyani uponyera kumbuyo. A Malunga anayankha modekha ngati alibe kopita. Ndinkaona chala chawo chikusisita galasi la wotchi, koma sanaiyang'ane ngakhale kamodzi. Ine ndinaiyang'ana yanga kasanu ndi kawiri.

Titabwerera ku msewu inali 3:10. Waya wa a Jailosi unali utakanika. Amene anatipulumutsa ndi msuweni wanga Yusufu, msodzi, amene anabwera ndi chingwe cha nayiloni cha ukonde wake, n'kuchipota patatu, n'kuchimanga pa timawilo ta injini toyendapo lamba ndi mfundo imene a Jailosi anati sanaionepo. Anati chipirira ngati sitithamanga. Azakhali anandipatsira mpunga wa m'kathumba pawindo, n'kunena kuti pobwerera mawa nditsike pomwepo, apo ayi masamba adzawayala iwo eni. Tinanyamuka 3:21.

Tinkayenda liwiro loti wanjinga wamphamvu akanatha kutisiya. Hafu pasiti fili inakwana tisanafike pa Liwaladzi. Aliyense anaiona nthawiyo. A Malunga anavula wotchi n'kuiika m'thumba. Mphunzitsi uja anafunsa motsitsa ngati kuli kofunika kupitirira, ndipo iwo anati tikafike, anthu akatione kuti tinabwera. Ine ndinakhala ndekha mpando wa anthu atatu. Palibe anandinyoza, ndipo zikanakhala bwino akanandinyoza. Ndinawerengetsa m'kabuku kuti popanda masamba anga ndi ulendo wa kwa a Bwanali, Yusufu akanaitanidwa msanga ndipo tikanafika nthawi ilipo. Ndinabwereza masamuwo kawiri, ndipo yankho silinasinthe.

Chingwe chinamasuka kawiri. Kawiri konse a Jailosi anachimanga potengera mfundo ya Yusufu, akutukwana chapansipansi. Minda ya nzimbe inayamba, tinadutsa pa Nkhunga 4:24, ndipo pachipata cha esiteti mlonda atationa anavula kapusi n'kuigwira pachifuwa. Ndinalemba m'kabuku kuti alonda a kuno ndi aulemu.

Pabwalo panali anthu ambiri, koma panali zii. Osewera a eni bwalo anali ataima mzere umodzi, manja kumbuyo. Amayi a mvano anali atakhala pansi pa mtengo atavala yunifolomu. Refa, mzungu wokalamba wofiira m'khosi, anali atamanga kansalu kakuda pamkono. A Jailosi anatsitsa galasi n'kufunsa munthu wina chimene chachitika, ndipo munthuyo anawayang'ana modabwa. Anati dalaivala wa pikapu ya pa esiteti anadutsa pa Bua, anaona masamba, anaona majezi athu, anaona mtembo wofunditsidwa nsalu yoyera. Nkhani inafika pabwalo isanakwane fili koloko. Refa anakana kuliza wezulo, n'kunena kuti sangapatse anthu mapointi pamene anzawo ali ndi mtembo pamsewu. Lole yokatitenga inali kufunafuna mafuta, ndipo kalipentala wa pa esiteti anali atayamba kale kupala matabwa a bokosi.

A Jailosi anakwezanso galasi. Kenako Lufeyo anatembenuka, anandiyang'ana, n'kunena motsitsa kuti kunsi kwa mpando wakumbuyo kuli malo okwana munthu wa msinkhu wanga. Anati ndingogonako ola limodzi ndi theka, iwo asewere mokumbukira ine, pepala lisainidwe, zina tidzaziona mawa. Ena anagwedeza mitu kuvomereza. Ndiyenera kunena zoona pano, poti ndine mtolankhani: ndinali nditalowetsa kale miyendo yonse iwiri kunsi kwa mpandowo pamene a Malunga anaimirira.

“Tulukani, achimwene,” anatero. “Timu iyi sinalowe mu ligi ndi bodza.”

Anandigwira dzanja ngati mwana wopita kukabayitsa jakisoni, n'kuyenda nane mpaka pakati pa bwalo. Kaputeni wa eni bwalo, a Mhone, munthu wamkulu ngati Lufeyo wolankhula Chichewa chomveka kuti kwawo ndi kumpoto, anabwera kudzapepesa, n'kufunsa dzina la malemu. A Malunga anandiloza.

Ndinafotokoza nkhani yonse kachiwiri tsiku limenelo, ulendo uno mokweza, pamaso pa anthu mazana angapo. Ndinatchula nthawi zonse molondola. Nditafika pa masitepe anayi aja, wina kumbuyo analephera kudzigwira, ndipo kuseka kunayenda bwalo lonse. Amayi a mvano sanaseke. Mmodzi anati anasiya mphika pamoto ndiponso anaphonya ukwati wa ku Kanyenda chifukwa cha ine, ndipo ndinapepesanso.

Refa anamasula kansalu kakuda kaja pang'onopang'ono. Anatulutsa kapepala ka malamulo m'thumba, anawerenga, n'kunena m'Chichewa chake chokhotakhota kuti nthawi inadutsa ndi ola lathunthu, ndipo popeza palibe wafa, palibenso chifukwa. Ngati eni bwalo akufuna mapointi, iye aliza wezulo pompo. A Malunga anavula chipewa. Sanapemphe kanthu. Anangonena kuti lamulolo akulidziwa, ndipo kuchedwako n'kwathu. Ndinayang'ana anyamata athu ataima pafupi ndi basi, nsapato zili m'manja, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo ndinalibe choti ndilembe.

A Mhone anapita kwa anzawo. Anakambirana atazungulirana, mitu pamodzi, mwina mphindi ziwiri. Atabwerera analankhula kwa refa, koma maso ali pa ine.

“Ife tatha masabata asanu ndi awiri osaona timu yobwera kuno. Lero talira munthu amene sitikumudziwa, ndipo munthuyo ndi uyu. Tikufuna tigunde wina. Lizani wezulo yoyambira.”

Anagwirizana zosewera mphindi makumi atatu mbali iliyonse m'malo mwa makumi anayi, kuti mdima usawapeze. Za masewerowo ndilibe zambiri. Anyamata athu anali atakhala m'basi tsiku lonse atadya chinangwa ndi zitumbuwa, ndipo anzawowo anali odula nzimbe opumula bwino ndiponso okwiya. Tinagonja 38 kwa 5. Zisanuzo anagoletsa ndi Lufeyo, atakoka anthu atatu pamsana mpaka kuseri kwa mzere. Ndinaona kuti mutu wake pogwetsa munthu ankauika pamalo pomwe paja, ndipo sindinanene kanthu.

Atatha masewero refa anatsamiritsa pepala la ligi pa boneti ya galimoto yake n'kulemba kuti matimu onse awiri anafika ndipo anasewera. A Malunga anapempha kuti aliwerenge. Analiwerenga kuyambira pamwamba mpaka pansi, milomo ikuyenda, kenako analibweza n'kupita kukathandiza anyamata kusonkhanitsa majezi. Timu inakhalabe mu ligi.

Ndikupita ku basi, bambo wina wa pensulo kukhutu ndi utuchi m'tsitsi anandiimitsa. Anafunsa ngati ndine malemu aja. Ndinavomera. Anabwerera m'mbuyo pang'ono, anandiyeza ndi maso kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kenako m'mapewa, ndipo anapukusa mutu.

“Anandiuza kuti wamwalira ndi wa ragibi,” anatero. “Ndikanadziwa kuti ndi inu, sindikanadula matabwa onse aja. Awiri akanakwana.”